Nsomba Ikayasama Si Njala: Moyo wa Mayi Domingas Mpasula

Malemu mayi Domingas Mpasula anabadwa pa 3 Ogasiti 1962 ku Mongue, m'banja la ana asanu ndi awiri. Anaphunzira pa shikola ya amishoni mpaka kalasi yachitatu. Pa 14 Juni 1981 anamanga ukwati m'tchalitchi ndi bambo Reinaldo Mpasula, amene akhala pafupi ndi bokosiwo.

Mu 1986 nkhondo inawathamangitsa, nawolokera ku Muloza mwana ali kumsana. Ali kukampu ya othawa nkhondo ndi pamene anaona anthu akuweta nsomba m'maiwe okumba ndi makasu. Atabwerera mu 1994 anapeza pamene panali nyumba yawo pali chulu. Asanamange ina, anayamba akumba dziwe. Anthu ankaseka, amati mkazi wa Mpasula akudzikumbira manda aakulu. Dziwe lomwelo ndi limene lalera ana onse.

Mu Okutobala 2005 kunatentha koopsa. Tsiku lina m'mamawa nsomba zonse zinakwera pamwamba zitayasama. Bambo Reinaldo anati zili ndi njala, nathiramo madengu awiri a madeya. Dzuwa pofika paliwombo, dziwe linali litayera ndi mimba za nsomba. Malemu sanakalipe. Anatola imodzi, natsegula makha ake, tofiira tija ta m'mbali mwa mutu, nawaonetsa amuna awo. Anati nsomba imapumira pamenepo: madzi akamadutsa, magazi amatapa mpweya wobisika m'madzimo. Madzi akatentha ndi kuima, mpweya umachepa, ndipo madeya akamaola amadya wotsalawo. Mawu awo mukuwadziwa nonse, pakuti ankawanena ngakhale kwa mwana wolira: nsomba ikayasama si njala. Sabata yomweyo anamangitsa gudumu la njinga lokhala ndi zitini zodula, lomenya madzi kuti mpweya ulowe. Likadalipo.

Nsomba zawo ankaziwamba m'kanyumba kopanda zenera, nakazigulitsa kumsika wa Milange. Anakhala mu utsi umenewo zaka pafupifupi makumi atatu. Zaka khumi ndi zisanu zomalizira anali m'menemo pamodzi ndi mwana wawo wotsiriza, Cremilda.

Mu Julayi 2023 malemu anayamba kudzuka m'mawa atayasama, atagwira mzati wa pakhonde, mapewa akukwera ndi kutsika. Ana anati apite kuchipatala. Bambo Reinaldo anakana. Anati mayi afooka chifukwa sakudya, ndipo anawaphikira okha phala la nsinjiro, m'mawa uliwonse, miyezi itatu. Malemu ankangomwa. Banja lagwirizana kuti izi zinenedwe pano monga zinachitikira. Amene anaumirira kuti zilembedwe ndi bambo Reinaldo eni ake.

Pa 20 Okutobala anawagoneka m'chipatala. Adotolo anati utsi unaumitsa mapapo. Anawaika pa makina a mpweya, koma mapapowo sankaulandira. Adotolo anafotokozanso kuti kutali, m'zipatala zikuluzikulu, kuli makina otulutsa magazi m'thupi, kuwadutsitsa pa kachikopa kopyapyala kuti atape mpweya, n'kuwabwezeranso. Ana sanamvetse. Malemu anamvetsa nthawi yomweyo. Anaseka mpaka kutsokomola, nati azungu aba nzeru za nsomba, kenaka anapempha kuti wina akapukuse gudumu kudziwe chifukwa kunja kunali kutentha. Anatisiya Lachiwiri pa 14 Novembala, dzuwa likutuluka.

Asiya amuna awo, ana anayi, Lucas, Odete, Nelsa ndi Cremilda, ndi zidzukulu khumi ndi chimodzi. Tikuthokoza a Padiri, amayi a Lejiyo amene akhala akuimba kuyambira Lachiwiri, anamwino, abale amene awoloka malire, ndi adzukulu amene alimbana ndi nthaka youma ngati mwala.

Patsala mawu amodzi. Dzulo m'mawa, maliro ali m'nyumba, nsomba zinakweranso pamwamba. Bambo Reinaldo akuchokera kopukusa gudumu anapeza Cremilda kuseri kwa kanyumba kowambira, atagwira chipupa, atayasama. Amayi ena anati ndi chisoni, mwanayu sanadye masiku awiri, namutengera phala. Akuluakulu a mbumba anenanso kuti wa m'nyumba ino asachoke pamudzi tisanamete. Bambo Reinaldo amva zonsezo, ndipo mwambo amaulemekeza. Koma sadikira. Mawa akwera ndi Cremilda shapa yoyamba, minibasi ya ku Milange. Wofuna kuwameta akawapeze kuchipatala. Wofuna kuthandiza akapukuse gudumu.

Mayi Domingas, kumene mwapitako mpweya sausakasaka. Mzimu wanu uuse mumtendere.