Q ya Ba Goliati

— Halo? Ba Webster, mwanigulitsa.

— Luyando, moni poyamba. Mwauka bwanji ku Mtendere?

— Tauka. Imwe ku Kalingalinga?

— Bwino. Ba mayi, mwendo uja?

— Uliko bwino. Ba mulamu na mwana?

— Bali bwino. Malaiti yabwera kwanu?

— Yakalibe. Foni ili pafupi kuzima, lekani nikambe. Namva kuti Loweruka ku mpikisano wa sikirabo, wopanga mawu ya Chizungu pa bolodi, ku Kaunda Square, kilabu yathu ituma Ba Goliati, osati ine.

— Banakupambana dzulo. Lamulo lathu uliziba: ukaika liwu pa bolodi, ukambe tanthauzo lake mu Chinyanja. Ukalephera, tilichotsa.

— Ninaika quandary. Malemba yonse m'manja mwanga yanatha.

— Nitakufunsa tanthauzo unangoti eee, eee.

— Makapentala bonse mu shedi muja timasewerera kuleka ntchito kuniyang'ana ine, wina aseka na misomali mukamwa. Mutu unauma. Koma niliziba. Ni kusowa pogwira, njira zonse ziwiri zoipa.

— Waliziba lero.

— Nifunseni lina. Squander, kumwaza chuma. Quagmire, matope yomiza munthu, monga ku Kanyama mvula ikagwa. Soliloquy, kukamba wekha popanda okuyankha...

— Monga uchitira iwe apa.

— Musaseke. Ine kulibe ananiphunzitsa, nimabelenga pa foni poyembekeza makasitomala ku saluni. Halo? Muliko?

— Netiweki idukaduka. Kamba.

— Ba Goliati banaika quixotry, q pa bokosi yofiira ya mapointi yambiri. Mapointi yamene banapambanira ni yamene yaja. Ndani anabafunsa tanthauzo?

— Mkulu safunsidwa na mwana, uziba mmene tichitira. Afunsidwa na mnzake wa msinkhu umodzi.

— Mnzawo wa msinkhu umodzi anamwalira chaka chatha. Ndiye kuti mpaka kumanda baziika vilivonse? Imwe munali jaji.

— Jaji, inde. Koma benchi yamene nipalirapo matabwa ili mu shedi ya ndani? Bolodi ni ya ndani? Nikabachititsa manyazi pa banthu, mipando nizapangira pa msewu?

— Ndiye manyazi munapatsa ine.

— Ndiwe mwana, chaka chamawa chiliko.

— Chaka chatha munakamba vomwevo. Ndani wakhosomola?

— Kulibe.

— Chifuwa icho nichiziba. Mwaniika pa sipika?

— Manja yali na guluu, nikanagwira bwanji foni? Bali pano, bamva vonse. Chepetsa mawu, Luyando.

— Mwauka bwanji, Ba Goliati? Ni ine Luyando, mwana wanu. Pepani, nilibe mnzanu wa msinkhu wanu womutuma, ndiye nifunsa nekha. Mukakamba tanthauzo la quixotry, Loweruka nizakunyamulirani bolodi mpaka mu minibasi, nizakuomberani na m'manja. Mukalephera, mpando wa ku mpikisano ni wanga.

— Iwe, sitichita tero.

— Ba Webster, musabanong'oneze, nikumvani.

— Bakuti foni simalo yokambirapo vinthu ivi.

— Mu shedi simalo, pa foni simalo. Batiri yanga yafiira. Ba Goliati, makapentala bali pomwepo bamvetsera. Quixotry ni chani? Yankhani, batate.