Ankatibera Tili ku Misa

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, makamaka inu amene mwatopa ndi akuba a m'tauni ndipo mwayamba kale kumanga katundu mumtima. Ine ndine Banaba, wokonza njinga pano pa Mangochi. Sukulu ndidalekezera Sitandade 2, kuwerenga ndidadziphunzitsa ndekha pa nyuzipepala zokulungira usipa, ndipo chiyambireni sindisiya pepala lili lonse lindidutse. Nzeru zonsezo sizidandiletse kuchita chopusa ichi.

Atatibera simbi ndi mabulangete, ndidagula loko wamkulu kwa Mmwenye, wolemera ngati mwala wa nangula. Lamulungu m'mawa ndidamukhoma mwaulemu, diso lina lili pa buku la nyimbo lomwe ndinkaloweza. Pobwera ku Misa tidapeza loko ali chikhomere, akunyezimira bwinobwino, koma chitseko chili pululu. Ndidali nditamukoleka pa kachitsulo ka pamphuthu pokha, chitsekocho osachigwira n'komwe. Wailesi idapita. Mayi a kunyumba, a Esitere, adangoti, "Bambo, loko yekha ndiye mwamusunga bwino."

Tidaseka, koma kuseka kudatha msanga. Masiku amenewo a chipani chimodzi, oima pa chipata cha msika kufunsa makhadi adali ambiri, koma wofunsa munthu wosenza wailesi ya eni padalibe. Akuba athu sankavutika n'kuswa tulo. Ankangodikira belu la tchalitchi, podziwa kuti mzere wathu wonse wa Akhristu watsala ndi nkhuku zokha. Mwezi wotsatira adathyola zenera n'kunyamula mutu wa makina osokera a Esitere, makina omwe ankatidyetsa njinga zikasowa. Tsiku limenelo mkazi wanga sadalire, adangokhala pansi n'kumayang'ana thebulo la makinawo. Kenaka adati, "Tiyeni kwathu ku Lungwena. Kumeneko wakuba timamudziwa ndi amayi ake omwe."

Ine mtima udakana. Nyumba iyi njerwa zake ndidaumba ndekha, makasitomala anga onse ali pano, ndipo khasu ndi ine sitidamvanepo. Komabe njira ina padalibe. Kusiya kupita ku tchalitchi kuti ndizilondera ndiwo ndi mphasa ndidakuyesa milungu iwiri, ndipo ndidadziona ngati ndagulitsa Mulungu ndi mabulangete. Ndidagonja. Tidapangana ndi mwini lole kuti atinyamule Lachiwiri.

Lamulungu lomaliza tidapita kukatsanzika. Nditagwada, mapemphero onse a m'buku amene ndinkanyadira kuti ndidawaloweza adandithawa. Ndidangoti, "Ambuye, ngati mukufuna ndikhale pano, ndipatseni mlonda, pakuti loko mwaona nokha mmene ndimamukhomera."

Tikubwerera, ndidaona munthu atakhala pakhonde pathu, ukonde uli tambalale pamiyendo, akusoka. Adali Che Amidu, msodzi wa kuseri kwa nyumba yathu, Msilamu amene zaka zonsezo tinkangopatsana moni wa pamsewu.

"Che Banaba, pepani ndakhala osaodira," adatero. "Pakhonde panga dzuwa lachuluka. Kunabwera anyamata awiri, akuti akufuna madzi akumwa. Atandiona ine, ludzu linatha."

Iwo adapitiriza, singano ili m'manja. "Inu amakuberani belu likalira. Ife amatibera Lachisanu masana, tikapita ku mzikiti, akazi ali kunyanja kuyanika usipa. Nyali zanga ziwiri zausodzi zinapita choncho. Ndiye ndimati, achimwene, masiku athu opemphera ndi osiyana. Bwanji Lamulungu ukonde wanga ndizisokera pano, Lachisanu inu njinga zanu muzikonzera kwathu?"

Abale anga, mabuku onse amene ndidawerenga, nzeru imeneyi ndidali ndisanaipezemo. Ndidapempha mlonda ndikuyembekeza mngelo wa lupanga, Mulungu n'kunditumizira nkhalamba ya kofiya ndi singano. A Esitere adalowa m'nyumba, ndipo ndidamva akumasula mtolo wa mbale. Mwini lole ndidakamuuza ndekha kuti ulendo wafa.

Nkhani idafala mzere wonse. Lamulungu makonde a Akhristu ankadzaza ndi azibambo a mikanjo, wina akusoka ukonde, wina akuluka mphasa. Lachisanu, kuitana kwa ku mzikiti kukamveka, ife tinkanyamula ntchito zathu kupita kuseri. Sindinganame kuti kuba kudatheratu m'tauni, ndipo makina a Esitere sadabwerere. Tidachita kusonkha pang'onopang'ono mpaka tidapeza ena akale. Koma pa mzere wathu akuba adaona kuti tsiku lopanda munthu kulibenso.

Ndikuthokoza Mulungu amene adayankha pemphero lopanda mutu ngati lija, ndi kundionetsa kuti thandizo langa lidali kuseri kwa mpanda nthawi yonseyi. Inu amene mwatopa, sindikuletsani kusamuka ngati Ambuye akutsogolerani kutero. Koma musanaitane lole, pempherani, ndipo mukadzuka pogwadapo kagogodeni kwa mnansi amene simunamwepo naye tiyi.

Lachisanu lina, ndili pa ulonda kwa Che Amidu, njinga kudalibe, choncho ndidatsegula buku. Kamphepo ka kunyanja kadandinyenga. Ndidadzidzimuka iwo ataima pamutu panga, abwera kale ku mzikiti, buku lili kumaso kwanga. Ndidayamba kupepesa, koma adandidula akuseka.

"Gonani ndithu, Che Banaba. Mkonono wanuwu wakuba akaumvera kumsewu amayesa muli anthu atatu. Ulonda mukuutha. Koma loko yekha, chonde, muzindisiyira ndizikhoma ndekha."