Voti Imodzi ya ku Edmonton

Olemekezeka Abusa Greenwell Mtambalika, amene mwatibwereka holo ino. Mayi Edna Sakala, wapampando wa bungwe lathu la Amalawi kuno ku Edmonton, mu London. Woweruza milandu Phyllis Chilambe, amene mwatsika ndege dzulo. Bambo Rowland Chilambe, atate a woweruzayu. Abale a ku Barking ndi ku Peckham amene mwasintha mabasi atatu. Amayi ndi abambo.

Ndikuthokoza pondipempha kuti nditsegule ofesi yathu ya uphungu wa malamulo, imene idzigwira ntchito Loweruka lililonse m'chipinda cha kuseriku. Anandiuza kuti ndiyamikire ubwino wake, koma ine ndasankha kufotokoza chifukwa chake tikuifuna.

Mayi Chilambe anafika ku London mu 1966 ali ndi zaka khumi, atate awo atathawa kwathu chifukwa cha ndale. Anaphunzira malamulo konkuno, kenako anapita ku America, kumene anakhala loya woteteza oimbidwa milandu kwa zaka khumi ndi ziwiri. Kuno ku England woweruza amaikidwa ndi akuluakulu mwakachetechete, koma m'chigawo chimene iwo amakhala, woweruza wa khoti loyamba kumva milandu amavoteredwa ndi anthu ngati phungu. Chaka chatha, mu 1996, anapikisana ndi a Anderson, amene anakhala pampandowo zaka zisanu ndi zitatu.

Nkhaniyi itatipeza, tinakumbuka kuti referendamu ya 1993 inatidutsa tili kuno, chisankho cha 1994 chimodzimodzi. Tinagwirizana kuti ichi chokha chisatidutse. Lamulungu lina, mapemphero atatha, tinaboola chivindikiro cha chitini cha mabisiketi, n'kuponya mavoti. Popeza panalibe wotiuza kuti voti ndi yachinsinsi, aliyense anasaina pepala lake, ena mpaka analemba adiresi. Wowerenga ndinali ine, chifukwa ndinkaphunzitsa masamu. Mayi Chilambe anapeza mavoti 113, a Anderson voti imodzi. Tinamata chitinicho n'kuchitumiza pa positi ku bungwe loyendetsa chisankho ku America. Eniake, Mayi Chilambe, sitinawauze, tinkafuna kuti adzadabwe.

Anadabwadi. Loya wa a Anderson anadandaula kuti Mayi Chilambe akuitanitsa mavoti kuchokera kunja, ndipo anapempha kuti dzina lawo lichotsedwe pa chisankho. Kunali kutatsala masabata atatu. Mayi Chilambe anandiimbira foni, mawu ali ofatsa ngati akufunsa mboni.

"Malume, munawerenga ndinu?"

"Ndine, ndipo ndinawerenga kawiri."

"Sindikufunsa ngati munalakwitsa masamu. Anakutumani ndani?"

"Palibe. Tinadzituma."

"Ndiye mulembe zimenezo, mulumbire, musaonjezepo ndemanga."

Ndinalemba. Pa tsiku lomva dandaulo, a bungwe anatsegula chitini chathu n'kuyamba kuwerenga mayina mokweza. Atafika pa voti ya a Anderson, anapeza kuti wosaina ndi Rowland Chilambe. Wapampando wawo anafunsa ngati dzinali ndi la wachibale. Mayi Chilambe anayankha kuti ndi atate awo owabereka. Zolembedwa za tsikulo, zimene ndili nazo kunyumba, zimati bungwelo silinapeze umboni woti munthu angakonze chinyengo n'kulola kuti bambo ake enieni avotere mdani wake. Dandaulo linathera pomwepo. Mayi Chilambe anapambana ndi mavoti a anthu oyenera kuvota, ndipo mu Januwale analumbira.

Ndikuona ena mukucheukira Bambo Chilambe. Inenso ndinawafunsa chifukwa chake. Anati: "Achimwene, ine ndinathawa dziko limene munthu mmodzi ankatenga mavoti onse. Sindikanalola kuti mwana wanga ayambe choncho." Mwana wawoyo akuti anawakhululukira, koma nkhaniyo sanaitseke.

Chitini chija chabwera nawo m'chikwama, ndipo chikhala pa shelefu m'chipinda cha kuseriku. Aliyense amene ali ndi maganizo otumiza kanthu ku boma lililonse, ayambe wachiyang'ana, kenako agogode pachitseko, afunse. Maloya athu achinyamata, Adrian ndi Melissa, adzipereka kuyankha m'Chingerezi, ndipo Mayi Sakala adzimasulira.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti ofesi yathu ya uphungu wa malamulo yatsegulidwa kuyambira lero. Dzina loyamba pa mndandanda wa Loweruka likubwerali ndi langa.

Zikomo kwambiri.