Mpango Wakuda Sindiuvalanso

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, a kuno ku Ntengo-Wambalame ndi a kutali omwe. Ine ndine mayi wamasiye. Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, choncho ndilankhula mosakometsera za khansa ya m'bere imene inandithothola tsitsi, ndi mmene Mulungu anandiimitsira.

Amuna anga atamwalira, abale awo anandimeta mpala monga mwa mwambo wa maliro. Ndinavala mpango wakuda chaka chathunthu, kenaka anandisudzula, n'kundiuza kuti ndamasuka. Tsitsi linamera bwino mpaka ndinayamba kuluka. M'pamene ndinamva kachotupa m'bere lakumanzere. Kuchipatala cha ku Tsangano ananditumiza ku Tete, a ku Tete ananditumiza ku Beira, ndipo kumeneko anandiyambitsa mankhwala a m'diripi otchedwa kimiyo. Namwino anandichenjeza kuti tsitsi lidzachoka. Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

Nditalandira kachiwiri, tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso, lina pamphasa. Pofika kumudzi mutu unali mbee, nsidze zomwe palibe. Kwathu kuno mutu wotere uli ndi tanthauzo limodzi basi: panyumba pagwa maliro. Ndikafika pamjigo amayi ankadula nkhani. Tsiku lina ndinamva wina akunong'ona kumbuyo kwanga kuti, "Kumeta ameta kale, kwatsala n'kukumba." Mchemwali wanga, pofuna kundithandiza, anatulutsa mpango wakuda uja m'sutikesi kuti ndibise mutu. Ndinaumanga, ndipo nditadziyang'ana pagalasi ndinaona mayi wolira maliro ake omwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kutuluka. Mbatata za kachewere zinakhwima kumunda, ine osapitako. Kutchalitchi ndinasiya. Choipa koposa, ndinatsimikiza mumtima kuti ku Beira sindibwererako, chonsecho kunali kutatsala maulendo anayi. Ndinkati ngati n'kufa, ndife ndili ndi tsitsi langa ngati munthu. Pemphero langa linali lalifupi ndi laukali: Ambuye, mwanditengera mwamuna, mwanditengera tsitsi, ngati mukundifunabe pansi pano tumani munthu adzandiuze.

Kutatsala masiku atatu kuti tsiku la ulendo lifike, kunabwera munthu amene sindinkamuyembekezera: apongozi anga, amayi a malemu amuna anga. Ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Ukwati wonse ankati ndine waulesi ndi wapakamwa, ndipo chisudzulireni anali asanapondepo pakhomo panga. Anayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa dambo ndi ndodo yawo. Anakhala pakhonde, n'kuyang'anitsitsa mpango wanga.

"Naphiri, wafa ndani?"

Ndinati palibe.

"Nanga ichi wavaliranji? Mpango wolira mwana wanga tinakumasula kale. Ndinakwirira mmodzi, msana wanga sungathenso kuwerama pamanda ena. Vula."

Ndinavula, ngakhale kuti chiyambireni kuumanga mutu wanga anali asanauonenso munthu wina koma mchemwali wanga. Iwo sanatembenukire kumbali. Anaugwira ndi dzanja lawo lokhakhala, nati, "Apa sipanadutse lumo. Uwu si mutu wa maliro, ndi wa munthu amene akumwa mankhwala." Kenaka anamasula kamtolo, natulutsa kapulana, nsalu yatsopano yachikasu ya maluwa ofiira, imene anaisunga kuti adzavale pa Khirisimasi. Anaing'amba pakati ndi mano, theka lina anandimanga, lina anadzimanga okha. Mpango wakuda uja anaupinda n'kuuyesa nkhata, nasenzerapo dengu la nyemba zimene ndinawapatsa.

Ku Beira ndinapita, ndipo maulendo anayi onse ndinawamaliza.

M'miyezi imeneyo ndinaphunzira kusankha zovala kumutu, ndipo ndikuuzeni inu amene muli panjira yomweyi. Wigi yobwereka ndinaiyesa kamodzi, inandiyabwa ndipo inkatsetsereka ndikawerama, ndinaibweza kwa mwini wake. Nsalu yoterera simagwira pamutu wopanda tsitsi. Yabwino ndi ya thonje, yochapidwa kangapo kuti ifewe, mfundo yake n'kumangira pambali kuti isakukandeni pogona. Chisanu cha kuno mukuchidziwa, choncho m'mamawa ndinkavala chipewa chaubweya, m'kati nditayala kansalu kofewa. Posenza madzi ndinkawirikiza nkhata. Koma lamulo langa linali limodzi: chakuda ayi. Ndinkasankha zofiira, zobiriwira, zooneka munthu akadali kutali.

Lamulungu loyamba kubwerera kutchalitchi ndinakhala kutsogolo, osati kumbuyo kumene ndinkabisala kale. Pa nthawi ya maumboni ndinaimirira, ndinamasula mpango pamaso pa mpingo wonse, ndinati, "Onani bwinobwino, kuti musavutikenso kusuzumira. Amene munasula makasu okumbira, kalimireni mbatata." Ena anaseka, ena anaweramitsa nkhope. Ndinaumanganso pang'onopang'ono, osati chifukwa cha manyazi, koma chifukwa ndimaukonda.

Lero madokotala akuti chotupa sichikuonekanso, ngakhale ndimapitabe kukapimitsa. Tsitsi lamera lofewa ngati la khanda, imvi zili mbali imodzi. Amuna anga ndimawasowa tsiku lililonse, zimenezo sizinathe. Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero laukali ndi pakamwa pa munthu amene sankandikonda.

Mayi mnzanga, ngati tsitsi lako likugwa, usasiye mankhwala chifukwa cha maso a anthu. Manga chimene mtima wako wakonda, kapena yenda mutu uli pamtunda ngati dzuwa silikuwotcha. Pemphera, ngakhale mokwiya, Iye amamva. Ndipo wina akakubweretsera nsalu ya maliro iwe ukupuma, umubwezere, umuuze kuti mwini mutu akadali moyo.