Diresi la Amadamu

Pamzere wa minibasi ku Area 2, Alinesi ankasuzumira foni ya mnyamata wina yemwe anali patsogolo pake.

"Mukuduladula chiyani, achimwene?"

"Ndikulumikiza tizidutswa ta mafilimu a nyimbo, mayi. Ndikufuna dziko lione kuti oimba athu onse amanamizira kulemera panyumba imodzi ya ku Area 47. Taonani, geti lomweli, sofa yomweyi, ngakhale galu yemweyu! Mawa ndiponya pa intaneti, anthu aseke."

"Amadamu anga saseka, iwe! Ndimagwira ntchito m'nyumba imeneyo. Akangopita ku Mzuzu, wotsegulira oimbawo geti ndine. Fufuta!"

"Aaa, mayi, nkhope yanu sikuoneka paliponse."

"Nkhope ya chiyani? Diresi likugwedezeka kumbuyoko ndi la amadamu, ndipo m'katimo muli ine!"