Womaliza pa Beseni

Dzuwa linali paliwombo, koma mzera wa pachipatala ku Nangongwe sunkasuntha. Mainess, mwana ali lefuu kumsana, ankayankha monyinyirika mdala wina amene anaima pambuyo pake.

"Mwana wadwala chani, amai?"

"Atsegula m'mimba, batate, na magazi. Matenda yabwereranso."

"Kale kuchipatala cha kampani yathu sembe bamulasa nyeleti ya jekeseni. Manje batichotsa nchito, tonse tili pano. Mankhwala amatsiriza?"

"Yonse, olo aoneke wapola. Madzi nimawiritsa. Nsomba za ku Chanyanya nimaphika mpaka minga kufewa."

"Bakulu bake nabo badwala?"

"Ni uyu chabe."

"Nanga posamba m'manja pakudya, mumathirirana?"

"Beseni ni imodzi. Bayamba batate bake, balendo, bakulu bake, iye womaliza. Ndiye ulemu."

"Ulemu! Madzi yamaoneka bwanji yakafika pali iye?"

"Monga tiyi."

"Ndiye matenda yamene ayo! Kambani kunyumba, muzithirirana na kapu."

"Imwe batate, kwanu amayamba kusamba ndani?"

"Ndine."

"Ndiye chake mufunsa mtundu wa madzi. Ise bomaliza tinaudziwa kale. Chamene tilibe ni pakamwa."