Lamulungu Limene Mpingo Unaletsedwa Kundithandiza

Olemekezeka a Meya, Mayi Thiessen, pamodzi ndi makhansala onse. Olemekezeka abusa a mipingo yathu itatu. Olemekezeka anamwino ndi madokotala, makamaka Mayi Dalisay, dokotala wathu wa mafizo. Inu amisiri amene mwatimangira njira yoyendamo iyi pamwamba pa bwalo la masewera a hoke m'nyumba yofunda ino. Alimi anzanga, amayi ndi abambo, landirani moni wanga. Ngati pali wina amene ndamudumpha andikhululukire, mainawa ndakhala ndikuwabwereza kuyambira Lachiwiri koma mtima sunakhale pansi.

Kalata yondiitana kudzatsegula njirayi itafika ndinaganiza kuti yasochera. Ine Kornelius Neufeld sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi ku Mexico komwe ndinabadwira, ndipo zimene ndimadziwa ndi tirigu ndi mbewu ya mafuta ya kanola basi. Ndinaimba foni kawiri ku ofesi kufunsa ngati sakufuna Neufeld wina, poti tilipo ambiri. Anati akufuna wa msana uja.

Zaka zitatu zapitazo, mu Novembala, anandichita opareshoni ku Winnipeg, nalumikiza mafupa awiri a m'munsi mwa msana ndi timisomali tachitsulo. Ponditulutsa, dokotala anandiuza zinthu zinayi: osawerama, osapotoza thupi, osanyamula cholemera kuposa botolo la mkaka, komanso ndiziyenda tsiku lililonse. Zitatu zoyambazo ndinazisunga kuposa Malamulo Khumi. Chachinayicho ndinachiopa. Ndinkangoona ngati ndikaponda mwamphamvu timisomali tiguluka, moti ndikatsokomola ndinkakhala chete kumvetsera ngati china chalira m'katimu.

Tsono inu mukudziwa mmene timachitira kuno munthu akadwala. Pepala limakhomedwa pakhomo la tchalitchi, aliyense n'kulembapo dzina ndi tsiku lake lodzathandiza. Kunyumba kwathu kunabwera msuzi wa kabichi, mabanzi ndi masoseji mpaka firiji inakana kutseka. Mnansi wanga Diedrich Loewen, ali apoyo akudzibisa, ankachotsa chipale chofewa pakhomo panga m'mawa uliwonse, ankanditengera makalata ku positi, ngakhale galu wanga ankayenda naye ndi iye. Galuyo ndi amene ankachita mafizo, ine ndili phee pampando. Ndinakhala pamenepo milungu isanu ndi inayi, ndikunenepa komanso ndikuthokoza.

Mu Januwale kunabwera Mayi Dalisay. Anandiuza kuti ndiimirire osagwira mpando, ndipo ndinayesa katatu osatheka. Anandifotokozera mosabisa kuti timisomali tili bwinobwino, koma miyendo ndi imene ikutha, ndipo ndikapitiriza chonchi sindidzakweranso thirakitala. Apa m'pamene mkazi wanga Aganetha anaulula kuti mwana wathu wa ku Calgary wayamba kale kufunafuna munthu woti azilima munda wathu. Munda umene ndadzalamo ndekha zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi! Kudzala kumayamba mu Meyi, ndipo panali patatsala miyezi inayi yokha.

Ndinawauza a dokotala kuti ndilibe chifukwa chotulukira panja, poti zonse amandichitira anthu. Anangofunsa Aganetha nambala ya foni ya abusa.

Ine kutchalitchi kunalibe Lamulungu lotsatira, koma ambiri a inu munaliko. Atatha kulengeza za kwaya, abusa anawerenga kapepala: "Abale, tikupemphedwa mwachikondi kuti tisiye kuthandiza a Neufeld. Makalata awo azikatenga okha. Amene akufuna kuwapatsa msuzi, awaitanire kunyumba kwake, abwere wapansi." Ndikumva kuti amayi ena analira, ena anafuna kukadandaula kuchipatala. Diedrich anandibweretsera galu tsiku lomwelo, nandiuza kuti awiri aulesi tikhalire limodzi.

Musaseke kwambiri, ine ndinali pa mavuto. Panja pozizira madigiri makumi atatu pansi pa ziro, misewu yonse ili tereretere, ndipo ndikaganiza zogwa thukuta linkatuluka. Malo okhawo ofunda ndi aatali m'tauni muno anali sitolo ya zakudya. Choncho Aganetha ankandisiya pakhomo pake, ine n'kugwira ngolo yogulira zinthu, n'kumazungulira kuchokera pa mkaka kukafika pa sopo, osagula kanthu. Tsiku loyamba ndinazungulira kawiri, ndipo ndinaimbira Mayi Dalisay kuwauza kuti msana ukuwawa, mwina chathyoka. Anandifunsa ngati ululuwo ukutsikira m'mwendo kapena ngati phazi lachita dzanzi. Nditati ayi, anati ndi minofu chabe imene ikudzuka, mawa ndizungulire katatu. Mwezi umenewo ndinawaimbira kakhumi ndi kamodzi. Mayi, pepani.

Pofika Malichi ndinkazungulira maulendo makumi awiri, ngolo nditaisiya, kenako n'kupita kukatenga makalata. Sindinalinso ndekha. Anabwera odwala chiuno, anabwera odwala mawondo, tinafika anthu khumi ndi anayi, mpaka ogula enieni ankasowa podutsa. Mwini sitolo, munthu woleza mtima, ndi amene anakagogoda kwa a Meya kuti atipezere malo athuathu, ndipo lero si awa.

Meyi atakwana ndinaima pansi pa thirakitala. Ili ndi masitepe asanu, ndipo ndinawayang'ana nthawi yaitali. Diedrich anali kumbuyo kwanga atatambasula manja ngati akulandira mwana wa ng'ombe.

"Achimwene, ndikukankheni pang'ono, palibe amene aone," anatero monong'ona.

Aganetha anamva. "A Loewen, manja m'thumba. Abambo, kwerani, dothi likuuma."

Ndinakwera limodzilimodzi, msana uli chilili monga Mayi Dalisay anandiphunzitsira. Nditakhala pampando ndinamvetsera. Palibe chimene chinalira. Ndinaliza injini, ndipo chaka chimenecho ndinadzala munda wonse ndekha, ndikutsika ola lililonse kuti ndiwongole msana. Chaka chino ndadzalanso.

Choncho ndikuthokoza a Meya ndi khonsolo, ndikuthokoza amisiri, ndikuthokoza aliyense amene anaphika ndi kugulitsa mabanzi kuti ntchitoyi itheke. Zitsulo zogwirira m'mbalimu ndazigwedeza ndekha dzulo, chimodzichimodzi, ndipo n'zolimba. Pempho langa ndi limodzi. M'tauni muno muli anthu amene panopa akhala pampando, akuopa monga ndinkaopera ine. Pitirizani kuwakonda, pitirizani kuwaphikira, koma dokotala akanena kuti ayende, musawatengere makalata. Katengeni iwowo, mubwere nawo kuno, muyende pambali pawo.

Ndi mawu amenewa, ndi mtima umene wayamba kukhala pansi, ndikulengeza kuti njira yathu yoyendamo yatsegulidwa. Tiyeni tiimirire tonse tiizungulire koyamba, pang'onopang'ono, osathamanga chonde.

Zikomo kwambiri, nonsenu.